Agogo athyoka fupa la m'chiuno: tidziwa bwanji kuti thupi likuperewera zakudya?

Mayi wina wa ku Dwangwa watilembera imelo. Apongozi ake a zaka 78 anaterereka kubafa n'kuthyoka fupa la m'chiuno, ndipo agonekedwa pachipatala chachikulu cha Nkhotakota, mwendo atawamangirira miyala. Namwino wanena kuti akuoneka onyentchera, koma abale akuti agogowo ndi ochepa thupi chibadwire. Funso la mayiwa ndi lakuti: munthu woti sangaime pasikelo, mungamuyeze bwanji?

Mayi, sikeloyo iwalani kaye. Pezani tepi ya atelala, kope ndi cholembera, ndipo yezani lero lomwe, chifukwa minofu ya munthu wokalamba imatha msanga akangogona osadzuka.

Yambani ndi mkono umene sagwiritsa ntchito kwambiri. Aupinde, inu mupeze pakatikati pa nsonga ya phewa ndi chigongono, muikepo kadontho. Kenako autambasule, ukhale wolobodoka, muzungulize tepi pakadonthopo mosafinya khungu. Kwa akuluakulu, muyeso wosafika masentimita 22 ndi chenjezo, ndipo wosafika 19 ndiye kuti zafika poipa. Mukatero yezani katumba wa mwendo wabwinowo, pamene pali ponenepa kwambiri. Malire ake ndi masentimita 31. Mwendo wothyoka musauyeze, umakhala wotupa ndipo ukunamizani. Koma ngakhale wabwinowo, dinani pamwamba pa phazi ndi chala chachikulu kwa masekondi atatu. Pakatsala dzenje, muli madzi, ndipo nambala ya tepiyo yaposa mnofu umene ulipodi.

Mawu akuti "ndi ochepa thupi chibadwire" tisawakane, mwina ndi oona. Chimene achipatala amafuna kudziwa ndi kusintha. Munthu akataya makilo 5 pa 100 alionse m'miyezi isanu ndi umodzi, pali vuto, ngakhale akadaoneka wojintcha. Agogo amene anali makilo 50 akafika pa 47, alowa kale m'gulu limeneli. Onani m'buku lawo lachipatala ngati munalembedwa sikelo yakale. Ngati mulibe, funsani amene amawachapira: kodi bulauzi ikukhwepa m'mapewa? Chitenje akumanga mozungulira kuposa kale? Yang'ananinso pambali pa maso chakumakutu ngati palowa, ndi kamnofu ka pakati pa chala chachikulu ndi chamkombaphala ngati kaphwa.

Pali fomu ya mafunso asanu ndi limodzi yotchedwa MNA-SF imene inapangidwira okalamba. Imafunsa za kadyedwe ndi kutsika thupi m'miyezi itatu yapitayi, kayendedwe, matenda adzidzidzi, kuiwalaiwala kapena kukhumudwa, ndiye BMI (muyeso woyerekeza kulemera kwa munthu ndi kutalika kwake) kapena katumba uja. Mapointi onse ndi 14: kuyambira 12 ali bwino, 8 mpaka 11 ali pachiopsezo, 7 kutsika m'munsi ndi onyentchera. Munthu wothyoka amene ali gone amataya mapointi anayi nthawi yomweyo, choncho sangapose 10. Ife timaona kuti n'zoyenera: wokalamba aliyense wothyoka m'chiuno asamalidwe ngati ali pachiopsezo, osadikira kuti nthiti ziyambe kuwerengeka. Zoyeza magazi, pemphani aone kuchuluka kwa magazi, shuga ndi impso. Albumin (mtundu wina wa zomanga thupi wopezeka m'magazi) yekha musamudalire, amatsika ndi kuvulala komweko.

Koma muyeso umene umanena zambiri ndi mbale, ndipo uwu ndi wanu agadiyani. Kwa masiku atatu lembani zimene agogo ameza, osati zimene mwawapakulira: zonse, theka, kota kapena sanakhudze. Akamadya zosapitirira theka, uzani namwino. Fufuzaninso chifukwa chake. Ululu umachotsa chilakolako cha chakudya, ndiye mankhwala opha ululu azimwa nthawi yachakudya isanakwane. M'kamwa mungakhale zilonda kapena zoyerayera palilime. Ena alibe mano. Ndipo ambiri amakana madzi ndi chakudya mwadala poopa manyazi otumikiridwa pabedi ndi mpongozi, zimene sanganene pakamwa. Pamenepo mwana wawo wamkazi kapena mchemwali wawo azikhalapo nthawi yodzithandiza.

Kwathu kuno vuto lina ndi kondowole. Amakhutitsa, koma ufa wa chinangwa uli ndi zomanga thupi zochepa zedi, pafupifupi magalamu 2 kapena kuchepera pa magalamu 100, pamene nsinjiro zili ndi 25. Wokalamba wovulala amafunika magalamu 1.2 mpaka 1.5 a zomanga thupi pa kilo iliyonse patsiku. Kwa agogo a makilo 47 ndi magalamu 56 mpaka 70. Dzira limodzi lili ndi 6, kapu ya mkaka 8. Usipa wouma, woposa theka la kulemera kwake ndi zomanga thupi, ndiye ukazingeni, muusinje ndi mitu yomwe, muziwaza masipuni awiri m'ndiwo kapena m'phala. Minga yosinjikayo ikuwapatsanso kashiamu wa mafupa. Kondowole musawalande, angakhumudwe n'kuleka kudya. Ntchitoyo igwire ndi ndiwo, ndipo azidya pang'onopang'ono kasanu kapena kasanu ndi kamodzi patsiku, mutawadzutsako mutu kuopa kutsamwa. Ngati impso zapezeka ndi vuto, miyeso imeneyi aisinthe ndi adokotala.

Agogo akakhala kuti atha masiku asanu kapena kuposa osadya kwenikweni, musawakhutitse tsiku limodzi. Chakudya chambiri chadzidzidzi chimagwetsa mchere wina m'magazi, monga phosphate ndi potassium, mpaka mtima kusokonezeka. Muziwonjezera tsiku ndi tsiku, achipatala akudziwa.

Akawatumiza ku Kamuzu Central Hospital kukachitidwa opaleshoni, samalani ndi kusala. Nthawi zambiri chakudya cholimba chimaletsedwa kwa maola 6 okha opaleshoni isanachitike. Tsiku likasunthidwa, funsani pomwepo ngati angadye, chifukwa wodwala akhoza kugona ndi njala masiku awiri motsatizana aliyense akuganiza kuti mnzake wawadyetsa. Tepi ija bwerezani sabata iliyonse, mkono womwewo, pakadontho pomwepo, ndipo kopelo muzinyamula kulikonse kumene awatumize.