Za khadi la pepala la lokta lija mwafunsa

Achemwali, mwafunsa ngati khadi lomwe mwalandira, lolembedwa kuti ndi la pepala la lokta la ku Nepal ndipo ndi la fair trade (malonda olipira opanga katundu mwachilungamo), limathandizadi anthu akumapiri kapena n'kungokometsa malonda. Mundilole ndiyankhe motalika, nkhaniyi imandikhudza.

Lokta ndi chitsamba chomera m'nkhalango za mapiri a Himalaya, makamaka pamtunda wa mamita 2,000 mpaka 3,000, kutalika kofika pa nsonga ya Sapitwa. Odula amasiya chitsa, n'kusenda khungwa lokha. Chitsacho chimaphukanso, koma chimafuna zaka 5 mpaka 7 kuti chikhwime. Khungwalo amaliviika, kuliphika maola ambiri ndi phulusa kapena soda, kenako kulisinja pamwala ndi chibonga mpaka lisanduke phala. Phalalo amalithira pa felemu yomangidwa nsalu ikuyandama pamadzi, kuligwedeza kuti lifalikire bwino, n'kuimika felemuyo padzuwa. Pepala lililonse limaumira pa felemu yake. Tayang'anani khadi lanulo molunjika kuwala, muona timinyewa ta khungwa titapingasana, pena pochindikala, pena popyapyala. Pepalali silidyedwa msanga ndi tizilombo, n'chifukwa chake boma la Nepal lakhala likulembapo zikalata zake kuyambira kale.

Makhadiwa anafalikira m'ma 1980, pomwe UNICEF inathandiza midzi ya m'maboma a Baglung, Parbat ndi Myagdi kutsitsimutsa luso limeneli. Mapepala ankapita ku Bhaktapur Craft Printers, komwe ankawasindikiza kukhala makhadi ogulitsidwa kunja. Kwa banja lolima kamunda kotsetsereka, kumene galimoto safika, ndalama ya pepala ndi yomwe imagula mchere ndi kulipira sukulu.

Komabe mawu akuti fair trade paokha sandikhutiritsa. Wovutika kwambiri ndi uja amakwera phiri m'chisanu n'kutsika ndi mtolo wa makungwa pamsana, ndipo ndiye ali kutali kwambiri ndi wogula. Pakati pali ogula mopikulitsa, monga mavenda athu amachitira ndi mlimi wa soya. Mtengo wa makungwa ukatsika, wokwera phiri uja amadula zitsamba zosakhwima kuti akwanitse mtolo, ndipo kuphika kuja kumadyanso nkhuni zambiri. Choncho malipiro a wodula ndi moyo wa nkhalango ndi nkhani imodzi.

Mukafuna kugula ena, funsani wogulitsa kuti pepalalo lachokera boma liti, ndipo amene analipanga ndi membala wa World Fair Trade Organization, bungwe la padziko lonse la fair trade, kapena ayi. Mahaguthi ndi limodzi mwa mabungwe a ku Nepal omwe ali mmenemo. Wogulitsa wodziwa katundu wake amayankha osachita chibwibwi. Akangoti "ndi la ku Nepal basi", ine ndimabweza khadilo pashelefu.