Kwa achemwali amene afunsa za ulendo wa ku Funafuti

Achemwali, mwati a kuntchito akukutumizani ku msonkhano wa zakusintha kwa nyengo ku Funafuti, likulu la dziko la Tuvalu m'nyanja ya Pacific, ndipo mukufuna kudziwa kuti n'kotani komanso munyamule chiyani. Ine ndinakhalako sabata ndi masiku awiri, ndiye mundilole ndikuuzeni zomwe maso angawa anaona.

Mawu oti likulu asakunamizeni. Dziko lonse, mukaphatikiza zilumba zake 9, ndi masikweya kilomita 26 basi, kuposa pang'ono chilumba cha Likoma. Anthu alipo pafupifupi 11,000, ndipo oposa theka amakhala ku Funafuti komweko. Maofesi a boma ali pamudzi wa Vaiaku, pa kachilumba ka Fongafale, kotalika koma kowonda ngati luzi. Pali malo ena oti mukaima pamsewu, mbali iyi mafunde a Pacific akuwomba miyala, mbali inayo nyanja yam'kati yotchedwa Te Namo ili zii.

Njira ndi yodzera ku Fiji. Ndege za Fiji Airways zimanyamuka ku Suva, ulendo wa maola awiri ndi theka, koma sizipita tsiku lililonse. Ikalephereka imodzi mudikira masiku, ndiye pobwerera siyani mpata wa tsiku kapena awiri ku Fiji. Ngati mukudzera ku Sydney, za viza yodutsira ku Australia yambani kuthamangira pano. Ndalama ndi madola a ku Australia, ndipo nyamulani zogwirika m'manja zokwanira ulendo wonse. Makina a ATM anangofika mu 2025, musawadalire.

Chomwe sindidzaiwala ndi bwalo la ndege. Linamangidwa ndi asilikali a ku America pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, ndipo lili pakati penipeni pa mudzi. Ndege ikamayandikira kumalira sairini, aliyense n'kupatuka. Ikapita, bwalo limabwerera kwa eni ake. Dzuwa likapendeka mupeza anyamata akumenya mpira, amayi ali pa volebo, ana akuthamangitsana, njinga zamoto zikungodutsa. Usiku wina kutatentha kwambiri ndinaona banja lathunthu litayala mikeka m'mbali mwa bwalolo, agogo akukupiza kamdzukulu mpaka kanagona. Madzulo oyamba mukangofika, pitani kumeneko, musadzitsekere m'chipinda.

Madzi muwasamale ngati mafuta ophikira. Kulibe mtsinje ngakhale umodzi. Aliyense amadalira thanki ya madzi a mvula pakhomo pake. Mu 2011 kunagwa chilala choopsa moti madzi ankachita kugawana. Mukamasamba, kumbukirani kuti mukutunga m'thanki ya banja lomwe litsale inu mutapita.

Tsono nkhani ya nyanja, yomwe mukupitirayo. Palibe malo m'dziko lonselo okwera kufika mamita 5. Cha mu February ndi March nyanja ikadzaza kwambiri, madzi amchere samangobwera kuchokera kugombe, amatumphuka pansi penipeni, kudutsa m'miyala, n'kudzaza mabwalo a nyumba. Amalowanso m'maenje momwe amalima pulaka, mbewu yofanana ndi koko wathu uja, ndipo mchere ukafika imafota. Mu 2023 Tuvalu ndi Australia anagwirizana pangano la Falepili, lolola anthu 280 pachaka kukakhala ku Australia. Komabe ndikupempheni ndi mtima wonse: musakafunse munthu kuti dziko lanu limira liti. Alendo ambiri amapita ndi funso limenelo ndi kamera m'manja, ndipo zimawawa. Makolo a eni dzikowo anaikidwa m'nthaka imeneyo, ndipo ambiri amene ndinacheza nawo sakufuna kuchoka. Afunseni za usodzi, za ana awo, za momwe akutchingira gombe. Akutsegulirani mtima okha.

Lamulungu ndi la tchalitchi ndi kupuma, mudzi wonse umakhala duu. Zitenje zanu nyamulani, zikuthandizani, chifukwa kuyenda m'mudzi ndi zovala zosambira n'kupanda ulemu. Akakuitanani ku holo ya mudzi kukaonera gule wawo wotchedwa fatele musakane. Amuna amakhala mozungulira bokosi lathabwa n'kumaliomba ndi manja, nyimbo imayamba pang'onopang'ono, kenako imafulumira mpaka mtima kugunda nayo limodzi. Mukapatsidwa nsomba yaiwisi ya mu mkaka wa kokonati, lawani kaye musanakwinye nkhope. Ine ndinawonjezera kawiri.

Tsiku limodzi likapezeka, lipirani boti mukaone tizilumba ta malo otetezedwa a Funafuti Conservation Area, tsidya la kumadzulo kwa Te Namo, komwe akamba am'nyanja amaikira mazira. Chipewa ndi madzi akumwa musaiwale, dzuwa lake silinyengerera. Ndipo achibale muwauziretu kuti kumeneko ali patsogolo ndi maola 10, kuti akaimba madzulo osayankhidwa asade nkhawa, inu mudzakhala muli m'tulo.