Kodi tchimo langa lafafaniza dzina langa m'buku la moyo?

Mbale wina wanditumizira imelo usiku wa Lachiwiri. Akuti anabadwa mwatsopano zaka 3 zapitazo, koma mwezi watha anagona ndi mkazi amene si wake, ndipo kuyambira tsikulo pemphero likumukanika. Akufunsa ngati chipulumutso chija chatha.

Achimwene, kalata yanu ndaiwerenga katatu. Yandibwezera ku chaka chimene ine ndinadulidwa mumpingo.

Ndinali msungichuma wa kwaya. Ndalama zosonkherana kuti tigule yunifolomu ndinkazisunga m'chitini cha mkaka pansi pa bedi. Mwana wanga atadwala ndinatapako, nʼkunena kuti ndibweza mwezi ukatha. Mwezi unatha, ndinatapanso, ulendo uno kunalibe wodwala. Ndinagula nsapato. Kenako ndinayamba kulemba zabodza m'buku la kwaya. Akulu a mpingo atandiitana kubwalo ndinakana kawiri, kachitatu ndinavomera, ndipo anandiimitsa pa Mgonero wa Ambuye. Anachita bwino, sindiwadandaula.

Tsiku la Mgonero ndinkakhala pabenchi yakumbuyo, pafupi ndi chitseko. Ndinkamva timakapu tikugundana m'thireyi, ine maso ali pansi, pansapato zomwe zija. Mumtima mlandu ndinali nditaugamula kale: mpingo wandidula, ndiye kuti kumwambanso andidula. Chaka chimenecho ndinapita kutsogolo kanayi pamisonkhano ya chitsitsimutso kukalandiranso Yesu, ndipo ndinkabwerera kunyumba ndi mantha omwewo.

Amene ananditsegula maso ndi agogo ena a m'mpingo mwathu, osadziwa ndi kulemba komwe. Anandipeza ndikuzemba mapemphero asanathe. Anati, "Mwanawe, khanda likakuipitsira chitenje umalitaya kudzala? Umalisambitsa. Koma ndalama za eni ake ukabweze." Zinthu ziwirizi anazinena mpweya umodzi, ndipo ine mpaka lero sindizilekanitsa.

Pambuyo pake ndinayamba kuwerenga, nʼkupeza kuti funso lanuli linagawa Aprotestanti kalekale. Mu 1610 otsatira a Jacobus Arminius, mphunzitsi wa zaumulungu ku Netherlands, anakayikira chiphunzitso chakuti wokhulupirira weniweni sangatayike. Sinodi inakumana ku Dordrecht mu 1618 mpaka 1619 nʼkuwayankha kuti Mulungu amasunga anthu ake mpaka mapeto. Chiphunzitso chimenechi ndi chimene amishoni a Dutch Reformed anafika nacho pa Mvera mu 1889. Koma anthu amachinena mopereŵera. Sinodiyo sinanene kuti tchimo lilibe kanthu. Inanena kuti wokhulupirira akhoza kugwa m'machimo akuluakulu, monga Davide ndi Petro, ndipo akatero amamvetsa chisoni Mzimu Woyera, amavulaza chikumbumtima chake, ndipo kwa kanthawi samvanso kukoma mtima kwa Mulungu. Pemphero limene likukukanikanilo ndi limenelo. Ndi bala lenileni.

John Wesley ndi Amethodisti anaona mosiyana, kuti munthu akhoza kutaya chipulumutso, ndipo mipingo yambiri ya Chipentekoste ili kumbali imeneyo. Ndili ndi abwenzi okondedwa kumeneko. Komabe chimene aphunzitsi awo okhwima amaopa ndi munthu amene waumitsa mtima, nʼkupitirira m'tchimo mpaka kutaya chikhulupiriro, osati amene wagwa nʼkumalira.

Apa ndiye pamene mtima wanga umawira. Ndamva alaliki akukuwa kuti ukanama m'mawa nʼkugundidwa ndi minibasi masana usanalape, basi Gehena. Ngati zili choncho, ndani adzalowe? Chipulumutso chotere chaima pa ine ndi kukumbukira kwanga, osati pa mtanda. Martin Luther ankaphunzitsa kuti Mkhristu ndi wolungama komanso wochimwa nthawi imodzi, ndipo mfundo yoyamba mwa mfundo 95 zimene analemba mu 1517 imati moyo wonse wa wokhulupirira uyenera kukhala wolapa. Yohane polemba kuti wina akachimwa tili naye Nkhoswe kwa Atate (1 Yohane 2:1), ankalembera anthu otembenuka kale. Amawatchula kuti tiana tanga.

Enanso amandipweteka chimodzimodzi, aja amati chisomo chakwanira, chibwenzi chamseri chipitirire. Munthu amene tchimo silimupweteka nʼkomwe ndiye ndimamuopera. Ahebri 6 ndi 10:26 ndi mavesi oopsa ndipo sindiwafewetsa, koma kalata ya kwa Ahebriyo ikuchenjeza anthu amene ankafuna kumusiya Khristu nʼkubwerera kumene anachoka. Inu mwadzuka usiku kulemba kalata chifukwa mukumufuna.

Ine ndaima apa: palibe amene angakwatule nkhosa m'dzanja la Mbusa (Yohane 10:28). Yesu anauza Petro kuti wamupempherera, tambala asanalire, tchimo lisanachitike nʼkomwe.

Ndiye muchite chiyani?

Chibwenzicho chithe lero, nambala ya foni ifufutidwe. Werengani Salimo 51 mokweza, ngakhale mawu anu akukana. Pezani mkulu wa mpingo mmodzi wokhwima, wosunga pakamwa, mumuuze zonse, ndipo ngati muli pabanja akuthandizeni njira yolankhulira ndi akazi anu. Mpingo ukakuimitsani, musathawire kumpingo wina kumene sakukudziwani. Khalani pabenchi yakumbuyoyo.

Ine ndalama zija ndinabweza pang'onopang'ono kwa miyezi 7. Tsiku limene anandibwezeretsa, agogo aja anali pambali panga, ndipo ndi iwo anandipatsira thireyi. Mundilemberenso mukaonana ndi mkulu wa mpingoyo.