Mwana wanga akuti Mulungu kulibe, ndipite naye kwa mneneri?

FUNSO

Zakhali, ndine mayi wa ana anayi, ndimakhala ku Mpondasi kuno ku Mangochi ndipo ndimapanga geni ya usipa. Mwana wanga woyamba wa zaka 24 chibwerere ku koleji wasiyiratu tchalitchi, akuti Mulungu kulibe. Ife tikamapempherera chakudya iye amangokhala maso ali tong'o kudikira timalize. Akuti pemphero siligwira ntchito poti mchemwali wake wamng'ono anatisiya ndi kolera mu 2022 ife tikuchezera kupemphera. Akutinso Baibulo limadzitsutsa lokha, anandiwerengera pa foni za imfa ya Yudasi ine mutu kuima. Anzanga akuti ndi ziwanda ndipite naye kwa mneneri wina akamuwaze madzi odzozedwa, bambo ake akuti achoke pakhomo pano. Nditani?

Mayi wodandaula, Mangochi

YANKHO

Mayi, pepani kaye ndi imfa ya mwana wanu wamkaziyo. Koma kwa mneneri musapiteko chonde, mukangoluza ndalama ya usipa ndipo mnyamatayo akabwerako atatsimikiza kuti zonse ndi zamalonda basi. Munthu wofunsa mafunso si wa ziwanda ayi.

Za Yudasizo sananame. Mateyu 27:5 akuti anadzimangirira, ndalama zija ataziponya m'kachisi, pomwe Machitidwe 1:18 akuti anagula nazo munda nkugwa chamutu mimba nkuphulika. Ziliponso zina, pa 2 Samueli 24:1 amene anautsa Davide kuti awerenge anthu ndi Mulungu koma pa 1 Mbiri 21:1 ndi Satana. Izi abusa anaziphunzira ku sukulu yaubusa kalekale kungoti pa guwa sazitchula. Iwo amayankha kuti Baibulo linalembedwa ndi anthu osiyanasiyana pa zaka mazanamazana, ndiye zili ngati asodzi awiri amene mwera unawapeza limodzi panyanja, akafika padoko aliyense amafotokoza zake koma mphepoyo inaombadi. Yankho limeneli ena limawakwanira ena ayi, ineyo ndimaona kuti pa Yudasi likumveka koma pa nkhani ya Davide mpofunika kukhala pansi ndithu. Chomwe sindifuna ndi choti mumuuze kuti foni ikunama, atsegula Buku Lopatulika lanu lomwelo nkukuonetsani.

Pa pemphero napo osakhulupirira ali ndi pogwira. Ku America madokotala motsogozedwa ndi Herbert Benson anachita kafukufuku pa odwala 1,802 opangidwa opaleshoni ya mtima, ena ankapemphereredwa ena ayi, zotsatira zinatuluka mu 2006 ndipo opemphereredwa aja sanachire bwino kuposa anzawo olo pang'ono. Akhristu ambiri amati Mulungu sayesedwa choncho ndipo pemphero si kulamula, Yesu yemwe ku Getsemane anapempha kuti chikho chimupitirire koma sichinapitirire. Chabwino. Komano tivomereze kuti ife tomwe ndi amene timalalikira ngati pemphero ndi chitsimikizo, eti ukabzala mbewu ya ndalama uchira, ndiye mwana akaona kuti munachezera kupemphera koma maliro anachitikabe mumati aganize chani? Kolera amafuna Thanzi ORS, dripi ndi kuthamangira kuchipatala msanga, ndipo nthawi zina olo muchite zonsezo munthu amapitabe, si kuti chikhulupiriro chanu chinachepa.

Ine pamenepa mpomwe ndikuona kuti pagona nkhani. Mnyamatayu za Yudasi wangozitola pa YouTube, chomuwawa chenicheni ndi mchemwali wake, ndipo funso loti Mulungu wabwino amalola bwanji mwana wosalakwa kufa silinayambe ndi iye, lili m'Baibulo momwemo. Werengani Yobu, werengani Habakuku 1:2, kapena Salimo 88 lomwe limatha popanda chitonthozo chilichonse. Mumufunse tsiku lina muli awiri kuti imfa ija inamukhudza bwanji, osamulalikira, mungomva. Mwina chichitikireni palibe anamufunsapo poti ndi mwamuna.

Komanso musaganize kuti ali yekha m'Malawi muno. Kalembera wa 2018 anapeza kuti pafupifupi anthu awiri pa 100 alionse alibe chipembedzo, ndipo ndime 33 ya malamulo aakulu a dziko lino imateteza ufulu wa chikumbumtima ndi chikhulupiriro. A George Thindwa, omwe ankatsogolera bungwe la anthu osapemphera la Association for Secular Humanism, anathandiza kutulutsa m'ndende agogo omwe ankanamiziridwa ufiti, ndiye zoti wosapemphera ndi woipa mtima zisiyeni. Mukhoza kumupempherera mumtima mwanu palibe wokuletsani, koma ngati adzabwerere ku tchalitchi kaya sadzabwerera ine sindingakulonjezeni.

Bambo akewo mtima pansi. Ku Mangochi konkuno mabanja angati omwe wina amapita ku mzikiti Lachisanu wina ku tchalitchi Lamulungu koma nsima nkumadyera pamodzi? Mwanayo sakuba, saledzera, amadikira mwaulemu mumalize kupemphera, mumuthamangitsiranji. Akalimbikirabe zomuchotsa itanani amalume ake a mwanayo adzaikambe, nkhani yotere bambo saigamula okha.

Zakhali