Mafunso ndi Mayankho: Kodi nzeru za Astoiki zikutanthauza kuti ndingokhala chete kuntchito?

FUNSO: A Mlangizi, ine ndine bambo wa ana atatu, ndimakhala ku Chilomoni ndipo ndine kalaliki pa nyumba yosungiramo katundu ya kampani ina ku Makata. Abwana athu atsopano amakonda kundikalipira pamaso pa anyamata amene ndimawayang'anira, komanso ndalama za maola owonjezera amene timagwira Loweruka sitinalandire kwa miyezi ingapo. Ndikafika kunyumba ndimakhala ndili wokwiya, mpaka ana amathawira kuchipinda. Mphwanga ananditumizira mavidiyo pa WhatsApp onena za Astoiki, ndipo akuti munthu wanzeru sadandaula komanso sakhudzidwa ndi kalikonse. Kodi ndiye kuti ndingokhala chete? Nanga Mkhristu angatsatire nzeru zimenezi? Wodandaula, Chilomoni.

YANKHO: Bambo, pepani ndi zimene mukukumana nazo. Ndiyambe ndi kunena kuti mavidiyo ambiri otere amapotoza chiphunzitso cha Astoiki, gulu la anthu oganiza mozama a ku Greece ndi Rome wakale, chifukwa anthu amenewa sanaphunzitse kuuma mtima kapena kugonjera chinyengo.

Chiphunzitsochi chinayamba ndi Zeno wa ku Citium, pa chilumba cha Cyprus, amene ankaphunzitsa mumzinda wa Athens zaka pafupifupi 300 Yesu asanabadwe. Koma amene ndikufuna kuti mumudziwe bwino ndi Epictetus, chifukwa iyeyu anali kapolo ku Rome, anali wolumala mwendo, ndipo atamasulidwa n'kuyamba kuphunzitsa, mfumu Domitian inathamangitsa aphunzitsi onse a nzeru zakuya mumzindamo, iye n'kukakhazikika ku Nicopolis m'dziko la Greece. Munthu wotere ankadziwa bwino kukhala pansi pa ulamuliro wa wina. Phata la chiphunzitso chake linali lakuti pali zinthu zimene zili m'manja mwathu, monga maganizo, zosankha ndi zochita zathu, ndiponso pali zina zimene sizili m'manja mwathu, monga mbiri yathu, udindo ndi zochita za anthu ena. Iye ankati chimene chimatisautsa kwambiri si chochitikacho ayi, koma zimene timadziuza tokha za chochitikacho.

Tiyeni tizione zimenezi pantchito panu. Ndi Lolemba m'mawa, lole yaima pageti, anyamata akutsitsa matumba, ndipo abwana atulukira akukuwa kuti chiwerengero sichikugwirizana. Mtima wanu ugunda kwambiri, m'manja mutuluka thukuta. Pamenepo musadziimbe mlandu, pakuti ngakhale Seneca, Mstoiki wina wa ku Rome, anavomereza kuti kudzidzimuka koyambako kumabwera kokha ndipo palibe angakuletse. Ntchito yanu imayamba kamphindi kotsatirako, pamene mawu ena amayamba kulankhula mumtima kuti "andichotsa ulemu, anyamatawa sadzandimveranso." Mawu amenewo ndi amene muyenera kuwafunsa ngati akunena zoona. Chimene chachitika n'chakuti munthu wakweza mawu. Ngati buku lanu la katundu lili lolondola ndipo malisiti onse ali m'malo mwake, tsegulani bukulo, asonyezeni tsamba, muyankhe ndi mawu apansi. Anyamata aja ali ndi maso, ndipo amadziwa kusiyanitsa wokuwa ndi wodziwa ntchito. Ngati cholakwa chilipodi, chikonzeni, chifukwa chimenecho chili m'manja mwanu, pomwe mkwiyo umene abwana adzuka nawo kunyumba kwawo suli m'manja mwanu.

Nkhani ya ndalama zanu ndi yosiyana, ndipo apa ndi pamene ndikutsutsana kwambiri ndi mavidiyo aja. Astoiki ankatchula makhalidwe anayi amene munthu ayenera kuwasunga: nzeru, kulimba mtima, kudziletsa ndi chilungamo. Munthu amene wasiya thukuta lake ndi la anzake kuti lidyedwe, n'kumati akudziletsa, wataya kulimba mtima ndi chilungamo nthawi imodzi. Marcus Aurelius, amene analamulira ufumu wa Rome kuyambira chaka cha 161 mpaka 180, anali Mstoiki, koma sanakhale manja lende pamene mliri ndi nkhondo zinkasautsa anthu ake. Ankaweruza milandu ndi kutsogolera asilikali, ndipo ankadzikumbutsa kawirikawiri kuti anthu anabadwira kuthandizana.

Choncho lembani m'kabuku tsiku lililonse limene munagwira maola owonjezera, nthawi yoyambira ndi yoweruka, ndipo anzanu achitenso chimodzimodzi, pakuti mutu umodzi susenza denga. Kenaka lembani kalata yaulemu kwa oyang'anira za ogwira ntchito pakampanipo, n'kusunga kope lake. Lamulo la zantchito la dziko lino, Employment Act la chaka cha 2000, limanena za malipiro a maola owonjezera, ndipo zikakanika pakampani pali ofesi ya leba, komanso bwalo lozenga milandu ya zantchito la Industrial Relations Court lilipo mu Blantyre momuno. Kusiyana kwa Mstoiki ndi munthu wina n'kwakuti iye amachita zonsezi mosatukwana ndi mosanama, akudziwa kuti kulemba kalata ndi kwake koma yankho lake ndi la ena. Akatero amatha kugona tulo ngakhale nkhani isanathe.

Chimene chandikhudza kwambiri m'kalata yanu ndi ana amene akuthawira kuchipinda. Iwo sanakukalipireni ndipo sanasunge ndalama zanu, koma ndi amene akulipira. Seneca ankati usiku nyale ikachotsedwa, mkazi wake atakhala chete, ankabwereza m'maganizo zonse za tsikulo, kudzifunsa pamene walakwa ndi pamene wachita bwino, osadzibisira kanthu. Inu mungachite zimenezi muli mu minibasi pobwerera ku Chilomoni: dzifunseni kuti lero n'chiyani chinali changa, ndachichita bwanji, ndipo n'chiyani chimene ndiyenera kuchisiya pasiteji. Mukalowa m'nyumba, yambani mwafunsa ana za kusukulu musanatchule za ku Makata, ndipo mayi akunyumba auzeni zoona za vutoli m'malo mowasiya azingoganizira.

Za Chikhristu, mukawerenga Machitidwe 17:18 mupeza kuti Paulo anakumana ndi Astoiki ku Athens n'kukambirana nawo. Zosiyana zilipo ndipo n'zazikulu: Astoiki ankaona Mulungu ngati nzeru yodzaza m'chilengedwe chonse, sankaphunzitsa za kuuka kwa akufa, ndiponso ankadalira kwambiri mphamvu za munthu mwini. Ine sindigwirizana nawonso pamene amaoneka ngati akuchepetsa chisoni cha imfa, chifukwa kwathu kuno kulira pamodzi pamaliro ndi njira imene timachiritsirana. Koma kudziletsa, kudekha ndi kusada nkhawa ndi zimene simungazisinthe si zachilendo kwa Mkhristu, choncho mukhoza kutengapo machitidwe amenewa popanda kusiya chikhulupiriro chanu. Ngati mutayesa zonsezi tulo tikusowabe, kapena mkwiyo ukufika pofuna kukweza dzanja panyumba, musadikire: kaonaneni ndi abusa anu kapena alangizi a zamaganizo kuchipatala sabata yomweyo.