Za phiri wafunsazo, msuweni, tamvera

Halo... kaya ikujambula iyi? Ehe, yayamba. Msuweni, uthenga wako uja waponya pagulu pano ndauona, woti mu July ukubwera kuchokera ku Joni ndiye ukufunsa ngati kuphiri kwathu kuno ku Zomba kuli njira zabwino zoyenda wapansi ndi zopalasa njinga. Kulemba sindingathe, m'manja muli thovu, ungomvera mawu.

Koma ndiyambe ndaseka kaye. Iwe? Phiri? Iwe amene unkalira kuchoka pa Chinamwali kukafika pa Matawale, mpaka agogo kukubereka kumbuyo uli Sitandade 3? Ndipo walemba kuti "tikufuna kukayenda". Tikufuna, iwe ndi ndani? Hmm. Chabwino, ndibwerako kumeneko.

Njira zilipo. Yodziwika ndi Potato Path, ija anthu ankatsikira ndi mbatata ya kachewere popita nayo kumsika. Imayambira kumtunda kwa tauni, kumene kuli nyumba zakale za boma za nthawi ija Zomba linali likulu la dziko, asanalisamutsire ku Lilongwe mu 1975, n'kukatulukira cha ku hotela ya Ku Chawe. Ndi chikweza chosaseketsa. Munthu wamphamvu maola awiri wafika, iwe ndi kamimba kako ka pa chithunzi kaja uikepo atatu. Pamwamba zimaphweka. Pali damu la Mulunguzi, madzi tikumwa m'tauni munowa amachokera pamenepo, ndipo ukatsata mtsinje kukwera nawo upeza mathithi a Mandala, kutsogolo kwake a Williams. Za njinga, pamwambapo pali misewu yafumbi yozungulira m'mapaini. Umapalasa mpaka ku Emperor's View, pomwe anaima mfumu ya ku Ethiopia ija Haile Selassie mu 1964... ayi, 1965, inde 1965, n'chifukwa chake ma Rasta amapakonda. Pafupi pomwepo pali Queen's View. Kukakhala kowala umaona nyanja ya Chilwa yonse, ngakhale phiri la Mulanje limaoneka.

Koma kunena za njinga paphiri limenelija, ine ndimangokumbuka amalume ako, malemu bambo anga aang'ono. Mayi, ndikudziwa mukumvera, musakwiye, anawa akula. Munthu uja ankadzuka tambala woyamba, njinga yake yakuda ija n'kuyamba kuikankha. Kukwera sankapalasa ayi, ndani angapalase pamenepo? Kukankha basi, mpaka pamwamba. Akafika amange nkhuni ndi zigwagwa pakaliyala, mulu kupitirira mutu wake, kukunga ndi malegeni mpaka njinga kumalira. Ndiye potsika! Mabuleki anali atatha kalekale. Ankavala nsapato zija zosoka ndi tayala la galimoto, n'kumaponda gudumu lakutsogolo ndi phazi, kumbuyo atamangirira chinthambi chaching'ono... ayi ndanama, chinthambi chachikulu, chikukwekwereza pansi kuti chizichepetsa liwiro. Fumbi kobo! Ife tinkamudziwira patali kuti akubwera.

Ndiye chaka china agogo anayamba kudabwa kuti nkhuni zikuchepa koma munthu akuchedwa kubwera. Komanso akupita kuphiri atasamba, malaya ositidwa. Kukatola nkhuni malaya ositidwa? Akafunsidwa ankati mitengo yatha pafupi, tikukaifuna kutali cha ku Chingwe's Hole. Ku Chingwe's Hole, kuphompho kuja umaonera chigwa cha Shire, kudzenje lomwe akuluakulu amati kale ankaponyamo anthu. Kutalika kwake konse kuja ndi njinga ya nkhuni! Agogo anangoti, oho.

Osadziwa kuti kuli mtsikana wogulitsa masitiroberi ndi magalagadeya m'mbali mwa msewu. Tsiku limenelo anati amutengeko akaone tauni. Kumbuyo nkhuni, ndiye anamukhazika pachitsulo kutsogoloku. Tsono munthu ali pachitsulo, phazi ulifikitsa bwanji pagudumu? Pakona ina yokhota kwambiri panali anyani atakhala pamsewu, mtsikana kukuwa, amalume ako kukhotetsa, onse awiri mu ngalande, khu! Nkhuni mbwee, masitiroberi mbwee, anyani n'kuyamba kutola. Anawatsitsa ndi lole ya matabwa. Agogo kuthamangira kuchipatala chitenje chili m'manja, kukapeza mwana wawo mkono uli m'chikhakha, bedi la mbali ya azimayi kuli munthu wachilendo akuwaitana kuti amayi. Ndi azakhali ako aja a ku Domasi, ukuwadziwa. Zaka zonsezi akhalirana bwino, maliro aja unaona wekha amene anagwira ntchito, koma mpaka lero agogo zikawakwana amati, "Ine mpongozi wanga ndinamudziwira kuchipatala." Mpaka lero.

Dikira ndizimitse mpope... eya.

Ndimati chiyani? July. July kumazizira kumeneko, usanamizidwe ndi dzuwa la m'tauni. Pamwamba penipeni, pa Malumbe, ndi kupitirira mamita 2,000, ndipo chiperoni chikabwera nkhungu imatseka moti munthu ali patsogolo pako sumuona. Tengani majekete, nyamukani m'mamawa, ndipo cha ku Ku Chawe kumakhala anyamata olondolera alendo njira. Mutenge mmodzi, mugwirizane mtengo musananyamuke. Tinjira ta m'mapaini timafanana, kwina adula mitengo, chizindikiro unachiona chaka chatha chaka chino palibe. Njinga uyese mabuleki onse awiri usanalipire, ndipo potsika pa tala ukumbuke kuti anthu a nkhuni aja akadalipo, sangaime msanga, uziwapatukira.

Koma iwe sunafunse za njira, tisanamizane. Mlongo wako anandionetsa kale chithunzi, wa diresi lachikasu uja. Ukufuna ufike naye mwakachetechete, mugone kuphiri, mwina ugwade ndi mphete pa Emperor's View anthu akujambuleni, kenako Lolemba mukwere basi ife tidzangoonera pa Facebook. Ayi msuweni. Uyambe wapita naye kwa agogo. Zija zinachitika pa nkhani ya munda zisakuopse, amene unayambana nawo si agogo, ndipo iwo sanatchulepo n'kamodzi komwe. Amangofunsa kuti amuna anga a ku Joni abwera liti.

Agogo maso ayamba kuvuta, amazindikira munthu pomugwira manja. Umutengere mtsikanayo akamugwire manja, adye nsima ya pakhomo paja, mawa lakelo ndiye mukakwere phiri lanulo, ngakhale ine ndikuperekezani mpaka pa damu, kupitirira apo mawondo anga sakulola. Shuga ndi chitenje ugule kuno, usavutike kunyamula.

Ndipo umuuze kuti ine ndine mkazi wako wamkulu mwa chisuweni, abwere ndi sopo wanga, apo ayi sindimulandira. Hahaha! Achimwene a ku Lilongwe, mwangoti zii koma ndikuona kuti mwamvera, muthandizeni mwanayu. Iwe, kwa agogo kaye, phiri pambuyo. Unditumizire tsiku lenileni ndikawauze asungiretu tambala.