Kodi mankhwala a khunyu angateteze mwana amene sanayambe kugwa?

FUNSO: Mwana wanga wamkazi anayamba kugwa khunyu atachira malungo a muubongo, ndipo wakhala akumwa phenobarbital kwa zaka ziwiri. Mwezi watha mlongo wake anagwa pa njinga ya kabaza navulala kwambiri m'mutu. Mphwanga amene ali ku yunivesite akuti anawerenga zoti mankhwalawa atawayesa pa makoswe analetsa khunyu kuyamba. Kodi ndizimugawirako mnyamatayu mapiritsi a mlongo wake kuti atetezeke? Ndine mayi wa ku Kawale.

YANKHO: Pepani ndi mavutowa mayi, koma mapiritsiwo musamugawire. Mphwanuyo sananame, kungoti anaimva nkhaniyo mbali imodzi, chifukwa kuletsa munthu kugwa lero ndi kuletsa ubongo kusanduka wa khunyu ndi ntchito ziwiri zosiyana.

Mankhwala ambiri amene tili nawo anapezeka poyesa ntchito yoyambayo. M'chaka cha 1938 madokotala awiri a ku Boston, Houston Merritt ndi Tracy Putnam, analengeza za mankhwala a khunyu otchedwa phenytoin atawayesa pa amphaka: ankadutsitsa magetsi m'mutu mwa mphaka mpaka ayambe kuphupha, kenako n'kuona mankhwala amene akuchititsa kuti kuphuphako kuvute. Dziwani kuti mphakayo analibe khunyu, anali wabwinobwino, choncho kuyesako kunangosonyeza mankhwala otsekereza kugwa pa nthawi imene ali m'magazi.

Zimene mphwanu anawerenga zikuchokera ku njira ina yotchedwa kindling, imene Graham Goddard anaifotokoza ku Canada mu 1967. Amalowetsa kawaya kakang'ono m'kati mwa ubongo wa khoswe n'kumapatsa timagetsi tochepa kwambiri kamodzi pa tsiku. Masiku oyamba khoswe sasonyeza kanthu, amangoima duu. Pakapita masiku amayamba kutafuna m'kamwa mopanda chakudya, kenako kugwedeza mutu, kenako mwendo wakutsogolo kunjenjemera, mpaka tsiku lina amaimirira ndi miyendo yakumbuyo n'kugwa chagada, pomwe mphamvu ya magetsiyo ndi yomweyomweyo ya tsiku loyamba. Zili ngati kanjira kachidule kodutsa m'munda wa eni ake: woyamba amangopinda udzu, koma anthu akapondapo tsiku ndi tsiku pamasanduka njira yoti ngakhale mvula igwe siifafanizika. Ngakhale mumusiye khosweyo miyezi yambiri, ubongo wake subwerera mwakale.

Apa ndi pamene mankhwala anasiyana. Valproate ndi phenobarbital, akaperekedwa pa nthawi imene njirayo ikupondedwa, anachedwetsa khoswe kufika pa kugwa, ndipo levetiracetam anachitanso chimodzimodzi. Carbamazepine, amene amathandiza anthu ambiri amene akugwa kale, sanachedwetse kanthu. Chodabwitsa china n'chakuti levetiracetam analephera mayeso akale aja a magetsi pa nyama zabwinobwino, moti akanatayidwa pakanapanda nyama zimene zinali zitayamba kale kugwa.

Komabe kuchedwetsa si kuletsa, ndipo khoswe wa kawaya m'mutu si mwana wogwa pa njinga. Pamene madokotala a ku Seattle anayesa nkhaniyi pa anthu ovulala kwambiri m'mutu, zotsatira zimene anatulutsa mu 1990 zinasonyeza kuti phenytoin anachepetsa kugwa m'sabata yoyamba yokha, koma sanateteze anthuwo ku khunyu lobwera patapita miyezi. Atayesanso valproate, amene anaoneka wodalirika pa makoswe, nayenso sanaphule kanthu. N'chifukwa chake dokotala amatha kupereka mankhwalawa kwa masiku ochepa munthu akangovulala, n'kuwasiya ngati sakugwa.

Mukamugawira mnyamatayu phenobarbital, mudzamupatsa tulo ndi ulesi m'kalasi, mwinanso kusakhazikika kumene mankhwalawa amabweretsa kwa ana ena, popanda chitetezo chilichonse. Choopsa kwambiri chili kwa mtsikanayo, pakuti mapiritsi ake adzatha tsiku lokatenga ena lisanakwane, ndipo kusiya phenobarbital mwadzidzidzi kungabweretse kugwa kotsatizana kosalekeza, kumene kungathe kupha munthu.

Chimene mungachite n'kumuyang'anitsitsa mnyamatayu. Mukaona akuyang'ana malo amodzi osayankha mukamuitana, akutafuna m'kamwa, dzanja limodzi likunjenjemera lokha, kapena wadzuka atadziluma lilime, lembani tsiku ndi nthawi yake, ndipo mupite naye kuchipatala chimene muli nacho pafupi, kumene angakutumizeni ku Kamuzu Central ngati pakufunika kumuunika m'mutu. Mutu ukamamupweteka mowonjezereka, akamasanza kapena kugona mopitirira muyeso, musadikire kuti kuche. Mtsikanayo apitirize kumwa mankhwala ake pa nthawi yake, asamakhale yekha pafupi ndi mbaula kapena chitsime, ndipo ngati wakwanitsa zaka ziwiri osagwa, kambiranani ndi dokotala wake ngati n'kotheka kuyamba kuchepetsa mlingo pang'onopang'ono.